Pangano la Wosimba ndi Omvera: Madandaulo a Otsatira The Walking Dead ndi Funso la Kukhulupirika ku Buku

1. Mau Oyamba

Pamene buku lisandutsidwa kukhala sewero la pa kanema, funso loyamba limene anthu amafunsa ndi lakuti kodi osandutsawo akhulupirika ku bukulo kapena ai. Funsoli ndi lakale, ndipo aphunzitsi a zolembalemba amalidziwa bwino, pakuti limabuka m'kalasi nthawi iri yonse pamene ophunzira aonera filimu ya buku limene analiwerenga. M'pepala lino tifuna kuyesa mphamvu ya funso limeneli pa citsanzo cimodzi ca ku United States, ndico nkhani ya The Walking Dead, imene inayamba monga buku la zithunzi mu 2003, nikhala sewero la pa wailesi ya kanema kucokera mu 2010 kufikira mu 2022. Tasankha citsanzo cimeneci cifukwa otsatira ake sanali anthu obisa za kukhosi. Anayamikira mokweza, anadandaula mokweza, anasaina makalata ofuna kuti mkulu wa olemba acotsedwe nchito, ndipo ambiri a iwo pomaliza anangoleka kuonera. Kawirikawiri iwo eni ankati cowakwiyitsa ndi kupatuka kwa sewero pa njira ya buku. Ife tionetsa kuti mbiri ya madandaulo aoyo siivomereza mau amenewa, ndi kuti cimene iwo ankalondera cinali pangano la pakati pa wosimba nkhani ndi omvera ake, limene bukulo linali mboni yake cabe.

2. Buku, Sewero ndi Dzina la Akufa

Mlembi wa bukuli ndi Robert Kirkman. Linkatuluka ku Image Comics m'timabuku ta zithunzi zakuda ndi zoyera, kawirikawiri kamodzi pa mwezi, kuyambira mu October 2003. Tony Moore anajambula timabuku 6 toyamba, ndipo kucokera pa nambala 7 kufikira kumapeto wojambula anali Charlie Adlard wa ku England. Nkhani yake ndi ya Rick Grimes, wapolisi wa m'tauni yaing'ono ya ku Kentucky, amene atsitsimuka m'cipatala atakomoka kwa nthawi yaitali, napeza kuti boma lagwa, mizinda yasanduka mabwinja, ndipo mitembo ya akufa ikuyenda ndi kudya amoyo. Kirkman anafotokoza poyamba pomwe kuti cimene cinkamusowetsa mtendere m'mafilimu a mtundu umenewu ndico cakuti amatha pamene opulumuka angopulumuka kumene. Iye anafuna nkhani yotsata opulumukawo zaka ndi zaka, kuti tione cimene adzasanduka.

Wailesi ya AMC inaonetsa gawo loyamba la sewero pa 31 October 2010, ndipo wolikonza anali Frank Darabont, amene anali atachuka kale ndi filimu ya The Shawshank Redemption ya mu 1994. Darabont anacotsedwa mu 2011, ndipo utsogoleri wa olemba unapita kwa Glen Mazzara, kenaka kwa Scott M. Gimple, pomaliza kwa Angela Kang. Magawo a sewero ankaonetsedwa m'mitolo ya caka ndi caka, imene m'pepala lino tidzaicha nyengo. Pamene linatha pa 20 November 2022, linali litakwanitsa nyengo 11 ndi magawo 177. Kirkman anali mmodzi mwa akuluakulu a sewero kuyambira paciyambi, motero palibe anganene kuti mwana wake anabedwa.

Anzathu a za cinenero adzafuna kuti tiimepo pang'ono pa dzina la akufa oyendawa. Mau akuti zombi analowa m'Cingelezi ca anthu wamba kudzera ku Haiti, makamaka pa nthawi imene asilikali a United States analamula dzikolo, kuyambira mu 1915 mpaka mu 1934, ndipo buku la William Seabrook la mu 1929, The Magic Island, pamodzi ndi filimu ya White Zombie ya mu 1932, ndi zimene zinawafalitsa. Zombi wa ku Haiti ndi munthu wophedwa ndi matsenga ndi kuukitsidwa kuti agwirire nchito mbuye wake, ndipo wotanthauzira wa Cinyanja sangavutike naye, pakuti ameneyu ndi mbale wake weniweni wa ndondoca. Koma mtembo wodya anthu, wopanda mbuye, woyenda m'cigulu, ndi colengedwa ca George A. Romero m'filimu yake ya Night of the Living Dead ya mu 1968, ndipo kumucha ndondoca kungasoceretse wowerenga. Ndondoca iri ndi mwini wake amene tingamuloze cala. Akufa a Romero ndi a Kirkman alibe. Sewero la AMC linapewa dala mau akuti zombi. Gulu liri lonse la opulumuka liri ndi dzina lakelake la mitemboyo, ndipo lofala ndi lotanthauza oyenda, limene ifenso tidzagwiritsa nchito.

Lamulo la nkhaniyi ndi lakuti ali yense amene afa, kaya walumidwa kaya wafa ndi matenda, amauka ngati ubongo wake sunaonongedwe. Oyendawo ndi opusa ndi ocedwa, ndipo pasanapite nthawi amakhala ngati cilala kapena mliri, cinthu coopsa koma cozolowereka. Mdani weniweni ndi wamoyo mnzako. Pa cifukwa cimeneci nsanamira ya nkhani yonse ndi imfa ya atengambali amene omvera awakonda, ndipo Kirkman anadziwika ndi mbiri yakuti m'buku lake palibe wotetezedwa. Wosimba amene wamanga nyumba yake pa nsanamira yotere ayenera kusamala kwambiri ndi mmene aphera.

3. Oonera Odziwa ndi Oonera Osadziwa

Linda Hutcheon, m'buku lake la A Theory of Adaptation la mu 2006, amasiyanitsa oonera amene akudziwa gwero la sewero ndi amene sakulidziwa. Odziwawo amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi, ca pa kanema ndi ca m'mutu mwao, ndipo cisangalalo cao cimacokera pa kufananitsa. Ziwerengero zionetsa kuti m'citsanzo cathu odziwawo anali ocepa. Kabuku ka nambala 100, kamene kanagulidwa modabwitsa mu July 2012, kanaitanitsidwa makope oposa 380,000, pamene gawo loyamba la nyengo yacisanu, mu October 2014, linaoneredwa ndi anthu oposa 17 miliyoni usiku umodzi ku United States kokha. Komabe ocepawo anali ndi mphamvu yoposa ciwerengero cao, cifukwa cimene ankadziwa sicinali kukhalitsa m'mitu mwao. Pa intaneti ankalosera za imfa zimene zikudza, ankaika cithunzi ca m'buku pambali pa cithunzi ca pa kanema, ndipo munthu amene sanagwirepo kabuku ngakhale kamodzi ankadziwa dzina la Negan zaka zingapo mtengambaliyo asanaoneke. AMC yomwe inalimbikitsa mcitidwewu poyambitsa, mu 2011, pulogalamu ya Talking Dead, mmene Chris Hardwick ankaceza ndi osewera, olemba ndi otsatira gawo likangotha. Otsatira a mtundu umene Henry Jenkins anafotokoza mu Textual Poachers mu 1992, amene ankalowa m'munda wa eni nkhani mozemba, tsopano anali kuitanidwa ndi eni mundawo kuti adzakhale pa mphasa.

Kwa ife amene tinaphunzira za nthano zapakamwa, mkhalidwe umenewu si wacilendo. Ana amene amayankha kuti tiri tonse pamene agogo ayamba nthano ya Kalulu amadziwa kale mmene idzathere. Sadandaula wosimba akaonjezera nyama ina, akasintha nyimbo, kapena akatalikitsa ulendo. Kusinthako ndiko kukoma kwa usiku umenewo, monga momwe Ruth Finnegan anaonetsera mu Oral Literature in Africa mu 1970 ponena za mbali ya omvera m'kusimba. Koma wosimba akaima pacimake pa nthano nanena kuti yotsalayo mudzaimva mwezi wa mawa, kapena akati Fisi wafa kenaka namuukitsa popanda cifukwa, anawo amaleka kuyankha. Kusiyana kwa mitundu iwiri imeneyi ya kusintha ndiko kumene tidzagwiritsa nchito m'zotsatirazi.

4. Kupatuka Kumene Kunalandiridwa

Sewero linayamba kupatuka msanga, ndipo linapatuka kwambiri. Shane, bwenzi la Rick limene linamulanda mkazi, amafa m'kabuku ka nambala 6 ataomberedwa ndi Carl, mwana wa Rick. Pa kanema anakhala ndi moyo mpaka kumapeto kwa nyengo yaciwiri, mu March 2012, ndipo anaphedwa ndi Rick mwini. Sophia, amene m'buku amakula mpaka kukhala mai, pa kanema anapezeka ali woyenda m'nkhokwe ya pa famu ya Hershel mu November 2011. Mai wake, Carol, m'buku ndi mkazi wosweka mtima amene amadzipereka kuti alumidwe, nafa pa nambala 42. Pa kanema, m'manja mwa Melissa McBride, anacoka pa mkazi womenyedwa ndi mwamuna wake nafika pa msilikali woopedwa, napulumuka mpaka gawo lomaliza. Rick wa m'buku amadulidwa dzanja lamanja pa nambala 28, koma wa m'sewero lalikululi anasunga manja onse awiri. Khanda Judith, limene m'buku limafa pamodzi ndi mai wake Lori pa nambala 48, pa kanema linakula. Pa zonsezi panali ong'ung'udza, koma panalibe cipolowe, ndipo ambiri mwa owerenga anavomereza kuti Shane ndi Carol a pa kanema anaposa a m'buku.

Umboni waukulu ndi Daryl Dixon. Mtengambali ameneyu mulibe m'buku ngakhale pa tsamba limodzi. Anapangidwira wosewera Norman Reedus. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendoyu, ndi uta wake ndi njinga yake yamoto, anakhala wokondedwa kuposa eni mudzi onse, kufikira otsatira anayamba kuvala malaya olembedwa mau otanthauza kuti Daryl akafa iwo adzacita cipolowe. Cikanakhala kuti muyeso wao unali kukhulupirika ku buku, Daryl akanakhala woyamba kukanidwa.

Pali citsanzo cimodzi cimene cioneka ngati cikutsutsa mfundo yathu, ndico ca Andrea. M'buku iye ndi katswiri wa mfuti, mkazi wolimba mtima amene pambuyo pake amakhala mkazi wa Rick ndi kufa mocedwa, pa nambala 167, mu 2017. Pa kanema anagwa m'cikondi ndi mtsogoleri wankhanza wa mudzi wa Woodbury, anazengereza pamene anayenera kucitapo kanthu, nafa kumapeto kwa nyengo yacitatu mu March 2013. Owerenga anadandaula kuti alandidwa Andrea wao. Koma tiyenera kuzindikira kuti oonera osadziwa buku nao anatopa naye cimodzimodzi, cifukwa zocita zake za m'nyengo yacitatu sizinkagwirizana ndi mkazi amene sewero lomwelo linawaonetsa m'nyengo ziwiri zoyamba. Vuto linali m'kalembedwe, ndipo buku linangopatsa odandaulawo cithunzi ca cimene cikanatheka.

Madandaulo ena sanakhudze buku ndi pang'ono pomwe. Oonera akuda anaona kuti amuna akuda a m'gulu la Rick ankafa motsatizana, ngati kuti malo ao ndi amodzi: T-Dog ndi Oscar anafa m'nyengo yacitatu pamene Tyreese anali kulowa, ndipo Bob, Tyreese ndi Noah onse anafa m'nyengo yacisanu. Mu March 2016 muvi umene m'buku umapha Abraham unapatsidwa kwa Denise, mmodzi mwa akazi ocepa a m'sewerolo okondana ndi akazi anzao, m'mwezi womwewo umene oonera a ku America anali kale ndi mkwiyo pa imfa ya mtengambali wofanana naye m'sewero lina, The 100. Apa funso linali lakuti kodi wosimba amasankha ndani pamene afuna wakufa, ndipo ndi funso limene buku silikanayankha.

5. Imfa ya Glenn

Tifika tsopano pa cimene tiyesa kuti ndico mtima wa nkhani. Glenn, mnyamata wocokera ku banja la ku Korea amene asanagwe maboma ankapereka cakudya m'makomo, ndiye amapulumutsa Rick m'mzinda wa Atlanta paciyambi pa buku ndi pa sewero pomwe. M'kabuku ka nambala 100 gulu la Rick ligwidwa ndi Negan, mtsogoleri wa gulu lolanda, amene awagwaditsa pansi, nasankha mmodzi mwa masewera, naphwanya mutu wa Glenn ndi cibonga ca masewero a baseball cokulungidwa ndi waya waminga, cimene iye amacicha Lucille. Mkazi wa Glenn, Maggie, ali ndi pakati ndipo akuona zonse. Zonsezi, kuoneka kwa Negan, kusankha kwake ndi imfayo, ziri m'kabuku kamodzi. Owerenga anavulala mtima, koma anapitiriza kugula, ndipo zaka zotsatira zinali zina mwa zaka zabwino koposa za bukulo.

Pa kanema imfa yomweyo inaonetsedwa pa 23 October 2016, motsata buku kwambiri kuposa cina ciri conse cimene sewero linacitapo. Greg Nicotero, katswiri wa zodzoladzola amenenso anatsogolera gawolo, anatsanzira zojambula za Adlard mpaka diso lotuluka m'cigaza. Anthu 17 miliyoni anaonera. Sabata yotsatira anatsala pafupifupi 12.5 miliyoni, nyengo yacisanu ndi citatu inayamba ndi 11.4 miliyoni mu 2017, yacisanu ndi cinai inayamba ndi 6 miliyoni mu 2018, ndipo gawo lomaliza la mu 2022 silinafike 3 miliyoni. Ziwerengerozi ziyenera kugwiridwa mosamala, pakuti m'zaka zomwezo anthu a ku America anali kusiya wailesi za kanema zolipira pa mwezi ndi kusamukira ku intaneti, ndipo gawo loyamba la nyengo nthawi zonse limakopa ambiri. Ngakhale ziri tero, ciwerengero ca usiku umenewo sicinabwererenso, ndipo otsatira ambiri amene anasiya amachula gawo limeneli monga polekera pao. Pamene sewero linakhulupirika koposa ndi pamene linataya anthu ambiri koposa. Cifukwa cake ciyenera kufunidwa m'zimene zinacitika caka cathunthu imfayo isanafike.

Pa 25 October 2015, m'gawo lacitatu la nyengo yacisanu ndi cimodzi, Glenn anagwa kucokera pamwamba pa bini yaikulu ya zinyalala, nagwera pakati pa khamu la oyenda. Oonera anaona matumbo akusololedwa, ndipo nkhope ya Glenn ikulira. Kwa masabata otsatira dzina la wosewera, Steven Yeun, linacotsedwa pa mndandanda wa maina umene umaonetsedwa poyamba pa gawo liri lonse. Pa 22 November cinaululika kuti matumbowo anali a mnzake amene anamugwera pamwamba, ndi kuti Glenn anakwawira pansi pa biniyo. Kuukitsa wakufa si cinthu catsopano m'zolembalemba za ku Ulaya: Arthur Conan Doyle anapha Sherlock Holmes mu 1893 namubweza mu 1903. Koma Doyle anapha Holmes wake moona mtima, atatopa naye, ndipo anamubweza cifukwa owerenga anapempha kwa zaka khumi. Olemba a AMC anadziwa paciyambi pomwe kuti Glenn ali moyo, ndipo anagwiritsa nchito mndandanda wa maina, cinthu cimene ciri kunja kwa nkhani ndipo oonera amacikhulupirira monga cikalata, kuti awanamize. Kucokera pamenepo mbiri yakuti palibe wotetezedwa inasanduka nthabwala.

Kenaka panadza gawo lomaliza la nyengo yomweyo, pa 3 April 2016. Negan, woseweredwa ndi Jeffrey Dean Morgan, anatuluka, nalankhula nthawi yaitali, nasankha. Koma kamera inakhala m'maso mwa wosankhidwayo, mwazi unatsika pa galasi, cithunzi cinada, ndipo oonera sanauzidwe kuti wafa ndani. Anasiyidwa m'malere miyezi yoposa 6. M'miyezi imeneyo maliro anasanduka mwambi. Otsatira ankamvetsera mau a gawolo mobwerezabwereza kuti azindikire wolira, ankawerenga malo amene aliyense anagwada, ndipo ena ankazonda ku Senoia, m'cigawo ca Georgia kumene sewero linkajambulidwa, kuti aone wosewera amene sakubweranso ku nchito. Mu June 2016 maloya a AMC anaopseza gulu la otsatira lodziwika ndi dzina lakuti The Spoiling Dead Fans kuti lisaulule dzina la wophedwayo. Wailesi imene inaitana otsatira pa mphasa tsopano inali kuwatumizira maloya cifukwa ca mwambi umene inaphera yokha. Pamene yankho linafika mu October, olemba anaonjezera msampha wina: anayamba ndi kupha Abraham, kuti odziwa buku aganize kuti Glenn wapulumuka, ndipo atapuma mpweya wa cimwemwe ndi pamene cibonga cinatembenukira kwa iye.

Tiona tsono kuti Glenn wa pa kanema anafa katatu: kamodzi monamizira, kamodzi mobisika, kamodzi moonadi. Misozi imene oonera akanakhetsa kamodzi inafunsidwa katatu, ndipo pa kacitatu ambiri anali atazindikira kuti cisoni cao cikugwiritsidwa nchito monga nyambo yowabweza ku wailesi.

Pali cifukwa cinanso, cokhudza kusiyana kwa tsamba ndi kanema, cimene aphunzitsi angacigwiritse nchito pa mabuku ena. Scott McCloud, mu Understanding Comics ya mu 1993, anaonetsa kuti m'buku la zithunzi cocitika ceniceni cimacitika m'kampata ka pakati pa cithunzi ndi cinzake, ndipo wowerenga ndiye amacimaliza m'mutu mwake. Wowerenga nambala 100 anali ndi ulamuliro pa nthawi. Akanatha kuyang'ana tsambalo kwa kamphindi, kulitembenuza msanga, kapena kutseka bukulo. Mwazi unali inki yakuda, ndipo panalibe phokoso. Woonera analibe ufulu umenewo: anamva kulira kwa cibonga, anaona kufiira kwa mwazi, ndipo nkhope yophwanyidwayo inali ya munthu weniweni amene anakhala akulowa m'nyumba mwake Lamlungu liri lonse la nyengo kwa zaka zisanu ndi cimodzi. Kwa oonera a ku America ocokera ku Asia, Yeun analinso mmodzi mwa amuna ocepa a mtundu wao amene pa nthawiyo anapatsidwa mbali ya ngwazi ndi ya wokondedwa m'sewero lalikulu. Kutsanzira cithunzi mzere ndi mzere sikunabale cimene cithunzico cinabala kwa wowerenga, ndipo apa mau akuti kukhulupirika ataya tanthauzo, pakuti wokhulupirika ku maonekedwe a tsamba anapezeka wosakhulupirika ku kulemera kwake.

6. Carl ndi Kutha kwa Buku

Imfa ya Carl ndiyo malo amodzi pamene odandaula ndi dzina la buku anali pafupi ndi coonadi. Mu December 2017 mnyamatayo anaonetsa bala la kulumidwa, ndipo anafa m'gawo la pa 25 February 2018. Anthu zikwi makumi angapo anasaina kalata ya pa intaneti yofuna kuti Gimple acotsedwe. M'buku Carl anali moyo, ndipo nkhani zazikulu zimene zinali kudza zinali zake. Pa kanema zinagawidwa kwa ena, makamaka kwa mnyamata wina dzina lake Henry ndi kwa Judith, amene analandira cisoti ca atate wake. Komabe ngakhale pano osadziwa buku anakwiya mofanana ndi odziwa. Sewero lokha linali litawauza kwa zaka zisanu ndi ziwiri kuti zoipa zonse zimene Rick anacita, anthu amene anapha ndi umunthu umene anataya, anazicita kuti mwana wake adzakhale ndi dziko. Mwanayo atacotsedwa, ngongole yonseyo inatsala yopanda woilandira. Andrew Lincoln, amene ankasewera Rick, anacoka m'sewero mu November caka comweco, ndipo nyengo zotsalazo, ngakhale ambiri anayamikira nchito ya Angela Kang, zinali nkhani ya mudzi umene mwini wake ndi mlowam'malo wake onse anacoka.

Buku linatsimikizira maganizo a odandaulawo patapita caka cimodzi. Rick anaomberedwa nafa pa nambala 192, mu June 2019, ndipo Carl ndiye anapeza atate wake atasanduka woyenda. Nambala 193 imadumpha zaka zambiri. Carl ndi bambo, mkazi wake ndi Sophia, mwana wao wamkazi dzina lake ndi Andrea. Oyenda asowa kwambiri kotero kuti mwana wa Glenn ndi Maggie amayenda nao m'midzi kuwaonetsa kwa anthu olipira, ndipo Carl aimbidwa mlandu woononga katundu wa mwini atapha mmodzi. Bukulo limatha iye akuwerengera mwana wake mbiri ya agogo ake.

Kathedwe kameneka kali ndi mbali imene iyesa mfundo yathu, pakuti Kirkman nayenso ananamiza. Palibe amene anauzidwa kuti nambala 193 ndi yomaliza. Image Comics inali italengeza kale nambala 194 ndi 195, ndi zikuto zojambulidwa ndi Adlard, za timabuku timene sitinalembedwe konse. Wina anganene kuti cinyengo cimeneci sicisiyana ndi kucotsa dzina la Yeun pa mndandanda, popeza zonse ziwiri zinagwiritsa nchito cikalata ca kunja kwa nkhani. Komatu owerenga ambiri anacilandira ndi ciyamiko. Kirkman anafotokoza m'kalata ya kumapeto kwa kabukuko kuti wowerenga amene akuona kuti masamba atsala pang'ono amadziwiratu zimene zikudza, ndipo iye anafuna kuti kutha kwa buku kudzidzimutse monga imfa za m'kati mwake. Ife tiona kusiyana pa mfundo iyi: cinyengo ca bini ndi ca kamera yakuda cinabisa cinthu ca m'nkhani ndi kutuma omvera kuti akadikire, pamene cinyengo ca zikuto cinabisa tsiku lokha, ndipo amene anatsegula kabukuko pa 3 July 2019 anapeza mathero onse ali m'manja mwake, m'masamba oposa 70, pa mtengo wa masiku onse. Makope anatha msanga m'masitolo, pakuti ogulitsa anaitanitsa monga mwa mwezi wamba, ndipo Image Comics inasindikiza kabukuko kaciwiri.